Kabuku Kachitatu

Kulemera kwa munthu ndimakudziwira m'ntchafu.
Zaka zisanu ndi zinayi ndikupalasa sakaramento,
thumba la makala, mayi woyembekezera, mphunzitsi ndi chikwama chake,
onse ndimawayeza pa chitunda chopita ku Luwinga.
Koma Sangwani, mwana wa mlongo wanga,
ulendo uliwonse amapepukirapepukira.

Anabadwa wojintcha, masaya ngati mandasi a ku Zigwagwa.
Miyezi isanu ndi umodzi osatsokomola n'kamodzi komwe.
Kenako chibayo.
Chitatha chibayo, mafinya m'khutu.
Litauma khutu, kutsegula m'mimba,
kenako chibayo chija n'kubweranso
ngati wangongole wodziwa khomo.

Kanayi konse anamubaya chala, iye ndi amake.
Kanayi konse kamzere kamodzi: kachilombo alibe.
Pampopi ku Chibavi amayi ankanong'onezana
kuti Tiyezge akubisa,
mwana sangaonde chonchi popanda chifukwa.

Lachiwiri lina la mvula yowaza
dokotala wamkazi, a Mwafulirwa,
anayala timabuku titatu ta kuchipatala patebulo,
koyamba kothothoka chikuto, kachiwiri konunkha palafini,
nawerenga chobwerera m'mbuyo, pensulo ili pakamwa.
Sanafunse za mwana.
Anatembenukira ine, wongoperekeza,
ndili chiimire pakhomo ndi thalauza lonyowa.

Amayi anu anabereka anyamata angati?
Anayi.
Alipo angati?
Ndinadziloza pachifuwa.

Fumbani. Mapopa. Chawezi.
Timitumbira titatu ku Embombeni,
palibe anafika poyamba sukulu.
Ndimakumbukira tsiku lomwe azakhali anatuluka pamudzi
atasenza mphasa ndi mphika umodzi,
anthu akuwakuwiza kuti amadya ana.
Inenso ndinaponya mwala.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinaphonye.

Dokotala anati pali ana ena
obadwa thupi lawo losadziwa kupanga asilikali.
Miyezi yoyamba amadyera chitetezo chobwereka kwa amawo,
chikatha, khomo limatsala pululu.
Nthawi zina chimayenda mwakachetechete mwa ana aakazi
n'kukagwera mwa mwana wamwamuna.
Palibe anamulodza. Palibe analakwa.
Anati akungoganizira, sangalumbire,
magazi ayenera kupita kutali kumene kuli makina.

Mankhwala alipo, anatero,
chitetezo chosefedwa m'magazi a anthu ena,
chodonthezera m'mitsempha mwezi ndi mwezi.
Anatchula mtengo wake motsitsa mawu.
Ndinauwerengera m'maulendo a ku Katoto
mpaka zala zinandithera.

Tinatuluka ndi bakitilimu wa tsiku ndi tsiku,
lamulo lowiritsa madzi,
ndi mawu akuti thupi likangotentha, ngakhale pakati pa usiku,
musadikire kuti kuche.
Pachikuto cha kabuku kachitatu analembapo ndi inki yofiira
kuti aliyense womuona asayambirenso pachiyambi.

Pobwerera njira ndi yotsetsereka,
mapedulo amangodzizungulira okha.
Nkhungu inali itameza mitengo ya paini.
Tiyezge kumbuyo kwanga, mimba ya miyezi isanu,
anayankhula ndi msana wanga:
Uyu akhale wamkazi, Chiuta andimve.
Sindinamukumbutse zomwe mwana wamkazi amasenza.
Ndinangogwira mabuleki.

Azakhali akuti akadali moyo ku Rumphi,
maso anachita khungu.
Sindikudziwa kuti munthu amayamba bwanji nkhani yotere,
kapena amanyamula chiyani, shuga kapena chitenje.

Pa mlatho Sangwani anatulutsa dzanja m'nsalu,
n'kukoka malaya anga.
Asibweni, belu.
Ndinaima m'mbali mwa msewu, ndinamukhazika kutsogolo.
Chala chake chinalephera kawiri.
Kachitatu belu linalira,
ndipo bambo wina wosenza matabwa anatipatukira.